Chilolezo cha a Nyabwalya

Ana anga, ndapuma ntchito ndipo ndakhala pansi kuno kwa Kaomba. Nthawi ndili nayo yambiri kuposa mphamvu. Inu munkangoona yunifolomu ndi nsapato zopukutidwa, koma chimene ndinkachita ndikatuluka pakhomo simunkachidziwa bwino. Iwe Tadala, tsiku lija unaimba foni uli ku Joni, ukudandaula kuti chilolezo chako chogwirira ntchito chikuchedwa, ndinakuyankha mwachidule ngati munthu wa pa windo la ofesi. Foni itaduka ndinaona kuti pali zambiri zimene sindinakuuzeni nonsenu. N'chifukwa chake ndatenga cholembera. Za ubwana wanga ndizisiya, azakhali anu amazikamba bwino kuposa ine.

Zaka za nkhondo ya ku Mozambique

Ntchito ndinayambira kumwera, pa chipata china cha m'malire a Mozambique. Dzina la ofesi yathu ndi lalitali, yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, koma anthu ankangoti ndife a mapasipoti. Ofesiyo inali chipinda chimodzi cha malata, tebulo, kabati yachitsulo yovuta kutseka, ndi mtengo wopingasa msewu umene tinkaukweza ndi chingwe. Mkulu wanga woyamba anali a Makuluni, bambo wamfupi wa ku Zomba amene sankaseka pa ntchito. Tsiku loyamba anandipatsa chidindo n'kundiuza kuti ndisamabwereke munthu aliyense, ngakhale iwo amene, ndipo ndikadinda ndiziwerenganso chimene ndadinda. Inki inkatha kawirikawiri. Tinkadonthezera madzi pa siponji mpaka chidindo chinkangooneka ngati chithunzithunzi, ndipo a Makuluni ankabwereza deti ndi cholembera kuti munthu asakavutike kutsogolo.

Nkhondo itakula, anthu anayamba kubwera ambirimbiri, mitolo pamutu, ana kumbuyo, opanda pepala lililonse. Malamulo amene ndinaphunzira ankanena za munthu wokhala ndi pasipoti m'manja. Tsiku lina m'mawa ndinapeza khamu litakhala phee kuseri kwa mtengo uja, ndipo ndinasowa poyambira.

"Bwana, awa tiwalemba kuti ndi ndani?" ndinafunsa.

"Uwafunse kaye ngati adya," anatero a Makuluni. "Zolemba zibwera."

Tinawapereka kwa anzathu oona za othawa kwawo. Koma musaganize kuti bamboyo anali wofewa. Sabata yomweyo anabweza wamalonda wina amene ananama kuti akuthawa nkhondo pomwe ankangofuna kulowetsa katundu. Ndinakhala nawo zaka zingapo, ndipo amayi anu ndinawakwatira ndili komweko. Nyumba yathu yoyamba inali ya chipinda chimodzi, kuseri kwa ofesi.

Zaka za ku Lilongwe

Nkhondo itatha anandisamutsira ku Lilongwe, komwe ndinakhalitsa kuposa kwina konse. Kumeneko ndinaphunzira kuti chilolezo chili m'mitundumitundu. Pali cha mlendo wongodzacheza, cha mwana wasukulu, cha munthu wodzagwira ntchito, ndi china chokhala m'dziko mpaka kale. Ndinaona ophunzira a mayiko oyandikana nafe akubwera ndi makalata a kusukulu mayeso atayandikira, mitima ili m'mwamba. Ndinaona aphunzitsi ndi anamwino achikulire amene anatha moyo wawo wonse akutumikira kuno, ndipo atapuma anapeza kuti chilolezo chawo chatha pamodzi ndi ntchito. Ena tinawathandiza, ena lamulo linakana. Mafomu ankatha, mafailo ankapita kulikulu ku Blantyre n'kukagona miyezi, ndipo munthu amene ankalandira mkwiyo wonse anali wa pa windo. Ndinaphunzira kuyankhula motsitsa mawu ndi kusalonjeza tsiku.

Chaka choyamba cha makuponi

Nditatsala zaka zochepa kuti ndipume, ndinapempha kuti andibweretse kufupi ndi kwathu, ndipo anandivomera. Ndinafika ku Kasungu chaka chomwe boma linayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Amayi anu anabwerera kumudzi kuno n'kuyamba kulima, ine ndinkagona pa boma pakati pa sabata n'kumabwera Lachisanu. Kaofesi kathu kanali ndi anthu atatu ndi njinga yamoto imodzi, imene nthawi zambiri inkangoima chifukwa chosowa petulo. Mkulu wathu anali a Chirambo, munthu wamng'ono kwa ine pa msinkhu, wophunzira bwino, wosalandira ziphuphu. Ndinkawalemekeza, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza.

Ntchito yambiri inali m'maesiteti a fodya. Matenanti ambiri ankachokera ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, koma pakati pawo pankapezeka ena ochokera tsidya lina la malire a Mozambique. Chiyankhulo chimodzimodzi, mayina amodzimodzi, nyimbo za m'chigafa posoka fodya zimodzimodzi. Ukafunsa munthu kwawo, ankatchula phiri limene mbali ina lili kuno mbali ina lili uko. Tikapeza wopanda chilolezo tinkayamba ndi mwini esiteti, chifukwa ndiye anatuma lole kukawatenga. Koma ena tinkawabwezadi, ndipo sizinali zokoma kuona banja likukwera galimoto fodya wawo ali m'munda.

Makuponi anasintha mmene anthu ankaonerana. Kale munthu wa ku Zambia wokwatiwa kapena wokwatira m'mudzi anali mlamu basi. Kumaliro ankakumba nawo manda, kutchalitchi ankaimba nawo kwaya, ndipo palibe ankafunsa za pepala. Koma makuponi ankabwera ochepa kuposa mabanja, ndipo komiti ya m'mudzi ikawerenga mayina, otsala ankayamba kuyang'ana uku ndi uku kuti kodi uyu ndi wa kuno ndithu. Panamvekanso mbiri yoti feteleza wina akutuluka pa njinga zakapalasa kupita ku Lundazi. Kulikulu ankatiimbira pafupipafupi kufunsa kuti tikuchitapo chiyani.

Chaka chachiwiri cha makuponi, mwezi wa Okutobala

Lolemba lina kunabwera bambo wina wa kwa Simlemba, wovala jekete ngakhale kunkatentha. Anati dzina lawo ndi a Jemusi Kamanga. Anakhala pa benchi, chipewa pa bondo, n'kuyankhula Chichewa chomveka Chitumbuka mkati mwake.

"Ndabwera kudzanena za mlendo," anatero.

"Mlendo wake uti, adada?"

"Mkazi wa malemu achimwene anga. Ndi wa ku Zambia. Pa makuponi dzina lake lilipo, langa palibe. Ine mchombo wanga unakwiriridwa pamudzi pomwepo, ana ndili nawo asanu ndi awiri, koma andisiya."

"Wakhala nthawi yaitali bwanji pamudzipo?"

"Zaka zambiri. Koma mapepala alibe, aliyense akudziwa."

A Chirambo anamva zonse ali pa tebulo lawo. Analamula kuti dandaulolo lilembedwe, a Jemusi n'kusaina. Bamboyo atatuluka, a Chirambo anandiuza kuti ndipite ndikaone ndekha, ndipo ngati mayiyo alibedi chilolezo, chimene lamulo likunena ndikuchidziwa. Petulo anapezeka Lachinayi.

Ndinadzera msewu wa ku Mzuzu, kenaka n'kukhotera kum'mawa pa msewu wafumbi. Minda inali itagaulidwa, mizere ikudikira mvula. Pamudzipo anandilozera nyumba ya njerwa zootcha ndi malata akale, koma mwini wake anali kudambo. Ndinawapeza akuthirira nazale ya fodya ndi keni. Anali mayi wachikulire, wamtali, wa imvi zoonekera m'mphepete mwa mpango. Anthu ankawatcha a Nyabwalya, potengera dzina la bambo awo monga amachitira kumeneko. Ataona yunifolomu anatsitsa keni pansi pang'onopang'ono n'kupukuta manja pa chitenje.

"Ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzabwera, mukwai," anatero. Mawu akuti mukwai ndi aulemu m'Chibemba cha kwawo, ndipo sankawasiya ngakhale Chichewa ankachiyankhula bwino.

Tinabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde. Anatulutsa pasipoti yakale yokulungidwa m'pepala la shuga, pamodzi ndi chikalata cha ukwati wa kutchalitchi. Pasipotiyo inali itatha kalekale, ndipo chidindo chomaliza chinali cha mlendo wongodzacheza. Sanabise kanthu. Anati anakumana ndi a Yosefe Kamanga ku Kitwe, komwe bamboyo ankagwira ntchito mu mgodi. Ana atatu anabadwira konko, ndipo onse ali konko ndi mabanja awo. A Yosefe atapuma chifuwa chinali chitayamba kale kuwavuta, ndipo anati akufuna kukafera kwawo. Anabwera awiriwo. Bamboyo ankanena kuti adzapita ku Blantyre kukakonza mapepala a mkazi wake, koma chaka choyamba ankamanga nyumba, chachiwiri anagona pa mphasa, ndipo sanadzukenso.

"Maliro atatha ana anati tiyeni," anatero a Nyabwalya. "Ndinati ndikolole kaye chimanga chimene tinabzala ndi bambo anu. Nditakolola ndinati ndikonze kaye manda. Kenaka ndinangoona kuti sindikufuna kupita."

"Chifukwa chiyani, mayi? Ana anu ali uko."

"Ku Kitwe ndikakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mkamwini, kudikira kuitanidwa kukadya. Kuno ndili pakhomo panga. Njerwa izi ndinaumba nawo ndi manja awa. Bambo aja agona apo, kuseri kwa mitengo iyo. Ndipite kuti?"

Ndinawafotokozera mmene zinthu zinalili, osachepetsa kanthu. Ndinati munthu wokhala m'dziko zaka zonsezo popanda chilolezo amayenera kuperekezedwa kumalire. Pamene ndinkayankhula, a Jemusi anafika ndi mkazi wawo, a Nyasoko, n'kukhala chapatali pa mpanda wa nkhokwe. Atamva mawu akuti kumalire, a Jemusi anadzuka.

"Bwana, ine sindinanene kuti achoke. Ndinkanena za kuponi."

"Dandaulo likalembedwa silifufutika, adada," ndinawayankha.

A Nyasoko sanayang'ane mwamuna wawo. Anayang'ana ine n'kunena motsitsa kuti ana awo awiri omaliza anabadwira m'manja mwa a Nyabwalya, chifukwa chipatala chili kutali ndipo inali nthawi ya mvula. A Jemusi anakhalanso pansi n'kumapotokola chipewa chija.

Panali chinthu china chimene ndinayenera kunena, ndipo chinandilemera. Ndinauza a Nyabwalya kuti kaya zinthu ziyenda bwanji, kuponi ayenera kuibweza ku komiti, chifukwa makuponi anali a nzika. Mlangizi wa zaulimi anali atalemba dzina lawo poona kuti ndi mayi wamasiye, osafunsa za pasipoti. Anaganiza pang'ono, maso ali kumunda.

"Chimanga ndilima ndi manyowa a mbuzi," anatero. "Kuponi ipite. Koma ine musandichotse pano."

Sindinawalonjeze kanthu. Ndinangowauza kuti asachoke pamudzi mpaka atamva kwa ine.

Sabata yotsatira

Ndinafotokozera a Chirambo zonse. Ndinati mayiyu ndi mkazi wa nzika, ukwati wake ndi woona, ndipo akanapempha nthawi yake akanapatsidwa chilolezo chokhala mpaka kale popanda vuto. Ndinapempha kuti tilembere kulikulu aimitse kaye zomuchotsa pamene pempho lake likuonedwa. Njira imeneyo inalipo, koma inkafuna siginecha ya mkulu wa ofesi.

"A Mbewe, feteleza akutuluka m'boma lino ndipo sitinagwire munthu ndi mmodzi yemwe," anatero. "Lero tapeza mlendo ali pa makuponi, inu mukuti tiimitse."

"Bwana, mayiyu sanatulutse thumba ndi limodzi lomwe. Kuponi wabweza."

"Ndamva. Koma mwezi watha tinabweza banja lija la pa esiteti, fodya wawo ali pa nazale. Iwo aja analibe chisoni chawo? Mukamusiya uyu, mawa wa pa esiteti mudzamuuza chiyani? Apite kwawo, akapemphe ali konko. Khomo silinatsekedwe."

Mawu awo anali ndi nzeru, makamaka pa za banja lija. Koma ndinkadziwanso chimene chimachitika munthu akachotsedwa ndi chidindo choti anaphwanya lamulo. Pempho lake limayamba ndi banga. Mayi wachikulire wopanda womuyendera sakanatha kulondola failo ku Blantyre ali ku Kitwe. Mvula ikanagwa munda wake wina akanaulima, ndipo pofika chaka chinacho nyumba ikanakhala ndi wokhalamo. A Chirambo anati ndikawatenge a Nyabwalya Lolemba lotsatira.

Lachisanu ndinabwera kuno kumudzi. Amayi anu ankasankha mbewu ya mtedza pakhonde, ndipo ndinawauza nkhani yonse. Ndinawauzanso kuti pali njira ina, yopita ndekha ku Blantyre kukaonana ndi akuluakulu, koma kutero n'kudumpha mkulu wanga, ndipo mu ntchito yathu zimenezo sizikhululukidwa msanga. Panali mphekesera yoti andikweza udindo ndisanapume, zimene zikanathandiza penshoni. Iwe Chisomo unali fomu 3, iwe Tadala unali utangoyamba koleji.

"Mwatsala pang'ono kupuma, bambo," anatero amayi anu. "Ana akufuna fizi. Zimenezo mukuzidziwa nokha."

"Ndikuzidziwa."

Anapitiriza kusankha mtedza kwa kanthawi. Kenaka anati, "Inu munanditenga ku Mwanza n'kundibweretsa kuno. Mukadzatsogola, abale anu akadzati ndibwerere kwathu, ndidzafuna pakhale munthu wondiyankhulira. Ine ndaima pamenepo. Zina muone nokha."

Lolemba m'mawa sindinatenge njinga. Ndinalowa mu ofesi n'kuuza a Chirambo pamaso kuti ndikupempha masiku a tchuthi changa, ndipo ndikupita ku Blantyre kukapereka nkhani ya a Nyabwalya ndekha. Ndinati sindikufuna adzamve kwa ena.

"Tchuthi ndi chanu, sindingakumaneni," anatero. "Mayiyo sindimukhudza mpaka mutabwera. Koma mudziwe kuti mwandidumpha, ndipo ndidzalemba choncho."

"Lembani, bwana. N'zoona."

Ku Blantyre ndinakhala pa benchi masiku awiri ngati wina aliyense. Tsiku lachitatu ndinaonana ndi mkulu wina amene tinagwirapo limodzi kumwera tili anyamata. Anawerenga, anafunsa mafunso ambiri, anandidzudzula chifukwa chobwera popanda siginecha ya mkulu wanga, kenaka anavomera kuti mayiyo akhale kaye pamene pempho lake likuonedwa. Anati mayiyo atenge pasipoti yatsopano ku ofesi ya kazembe wa dziko lawo ku Lilongwe, apereke chindapusa, ndipo abweretse umboni wa anthu a pamudzi. Amayi a mpingo wawo anasonkha za ulendo. Woyamba kusaina umboni uja anali a Jemusi.

Kuponi ija sinapite ngakhale kwa a Jemusiwo. Komiti inaipereka kwa banja lina. Chaka chimenecho chimanga cha a Nyabwalya chinali chachikasu ndi chachifupi, ndipo ndinamva kuti pofika Januwale ankadalira ganyu ndi maungu.

Zaka za pa chipata cha kumadzulo

Pasanathe miyezi iwiri ndinalandira kalata yondisamutsira ku kachipata kakang'ono ka kumalire a Zambia, kumadzulo kwa boma lathu, kufupi ndi nkhalango ya nyama. Za kukwezedwa udindo sizinamvekenso. A Chirambo sanandibisire. Anati sangathe kugwira ntchito chipinda chimodzi ndi munthu amene sakudziwa ngati mawa amvera kapena ayi, ndipo ndinawamvetsa.

Kumeneko kunalibe magetsi, madzi tinkatunga pa mjigo wa kusukulu, ndipo foni inkagwira ukakwera pa chulu china kuseri kwa ofesi. Kumudzi kuno ndinkabwera kamodzi pa mwezi, nthawi ya mvula mwinanso osabwera. Inu mukukumbuka kuti chaka chimenecho amayi anu anagulitsa ng'ombe ziwiri. Magalimoto ankadutsa ochepa. Ambiri odutsa anali anthu a m'midzi ya pafupi, ena munda uli uku nyumba ili uko, ndi ana a tsidya lina amene ankabwera m'mawa uliwonse kusukulu ya pulaimale ya mbali yathu chifukwa inali yapafupi. Amenewo tinkawadziwa nkhope, ndipo akuluakulu a mbali zonse ziwiri ankadziwa kuti timawalola. Akafika sitandade 8 ndinkaitana makolo n'kuwauza kuti mwana akafuna kupitiriza sekondale kuno, ayambiretu za chilolezo cha wophunzira. Ena ankamva, ena ankati aona kutsogolo.

Chilolezo cha a Nyabwalya chinatuluka patapita mvula ziwiri. Ndinamva kwa mnzanga wa pa boma pa foni, nditaima pa chulu chija. Sindinayembekezere kuwaonanso. Koma mwezi wa Ogasiti, anthu atagulitsa fodya, lole ya matola inaima pa chipata, ndipo ndinaona mayi wamtali akutsika mosamala, chikwama m'manja. Analowa n'kuika pasipoti yatsopano pa tebulo, chilolezo chili mkati.

"Mukupita kuti, mayi?" ndinafunsa. Ndinaopa kuti mwina akuchokeratu.

"Ku Kitwe, mukwai. Ndili ndi zidzukulu zinayi zimene sindinazionepo."

"Zaka zonsezi simunapiteko?"

"Ndikanadutsa pati? Ndinkaopa kuti ndikatuluka simudzandilola kulowanso. Amayi anga anamwalira ndili kwa Simlemba. Uthenga unafika, ndinalira m'nyumba, koma sindinapite. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ine kulibe. Tsopano ndikapita ndikhoza kubwera, eti?"

"Mukhoza kubwera tsiku lililonse limene mwafuna."

"Nenaninso."

Ndinanenanso. Ndinadinda, ndinawerenga deti, ndinawabwezera pasipoti. Anailandira ndi manja awiri n'kukwera lole. Ndinakweza mtengo ndekha.

Mwezi wotsatira ndinapuma ntchito, iwo asanabwerere. Pa kaphwando konditsanzika pa boma, a Chirambo anayankhula zabwino za ine, ndipo sanali kunamizira. Anthu atayamba kubalalika anandikokera pambali.

"Mayi wanu uja anabwerera?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Mukadzamva mudzandiuze," anatero. "Ndakhala ndikumuganizira."

Disembala wa chaka chomwe ndinapuma

Mvula itayamba, mpingo unanditumiza ndi akulu ena awiri ku maliro a m'busa wina wopuma kwa Simlemba. Mwambo utatha ndinapempha anzangawo kuti andidikire pa sitolo, ine ndinabwereka njinga yakapalasa. Njira yonse ndinkadziuza kuti ngati ndikapeza nyumba yotseka, palibe cholakwika, munthu ali ndi ana ake. Kunkawaza mvula ya mawawa. Pakhomo panalibe munthu, koma nkhuku zinalipo ndipo pabwalo panali posesa. Ndinamva mawu kumunda.

Anali atatu, a Nyabwalya, a Nyasoko ndi a Jemusi, akuwokera fodya. A Jemusi ankatsogola kuboola mapando ndi ndodo, amayi awiriwo akutsatira ndi mbande m'beseni. A Nyabwalya anaweramuka, anandiyang'anitsitsa chifukwa ndinali nditavala suti ya kumaliro, kenaka anandizindikira.

"Ndi a mapasipoti aja," anauza anzawo. "Lero mwabwera opanda yunifolomu."

"Ndinapuma, mayi. Ndimati ndione ngati munabwera."

"Ndinabwera mwezi watha. Ana ankati ndikhale mpaka Khirisimasi, mkamwini anabisa ndi chikwama chomwe. Ndinawauza kuti mbande sizidikira munthu. Nazale anandithiririra alamu angawa." A Jemusi anagwira chipewa. "Tikagulitsa fodya ndipitanso. Mdzukulu wamng'ono uja wayamba kundizolowera."

Ndinati ndisawachedwetse, mvula ingakule. Iwo anayang'ana kumwamba, anayang'ana mizere imene inatsala, kenaka anatapa mbande m'beseni n'kundipatsa.

"Poti mwapuma, mukwai, gwirani mzere uwo. Tikhala awiriawiri."

Ndinavula jekete n'kulipachika pa chitsa, ndinapinda buluku, ndinavula nsapato. Anzanga aja anadikira pa sitolo mpaka anatopa, ndipo ndinafika matope ali m'mawondo. Mzere wanga ndinaumaliza.